Malonjezo a Disembala ku Ndirande

Disembala akangolowa, nkhani ku Ndirande imakhala imodzi. Pokwerera minibasi, pa chigayo, kometa tsitsi, ngakhale pa bawo pansi pa mango, aliyense akuti chaka chamawa zinthu zisintha.

Kometa tsitsi kuli mnyamata amene akulumbira kuti kubetcha mpira wasiya. Wawerengera ndalama zimene matimu a ku England amudyera chaka chino, ndipo akuti zikanagula malata a chipinda chathunthu. "Achimwene, zimenezi tinazimva kale Disembala watha," anzake akumuseka. Iye akuwaonetsa foni kuti aone okha kuti zobetchera zonse wafufuta. Wometa wamulangiza kuti ndalama ya Loweruka lililonse azikasungitsa kwa mayi ake, chifukwa kumeneko siituluka wamba.

Abambo a mimba zazikulu nawo ali ndi mapulani. Kuyambira Januwale azikwera phiri la Ndirande m'mamawa, achepetse kanyenya ndi mowa, akayezetse BP kuchipatala. Akunena zimenezi atagwira chiwamba cha nyama m'manja, ati n'kutsanzikana nayo. Tiseke ndithu, koma kuyezetsako asakuiwale, chifukwa matendawa amagwetsa munthu amene dzulo lake anali bwinobwino.

Nkhani imene ikundigwira mtima ndi ya amayi a banki mkhonde. Mwezi uno magulu ambiri akugawana. Chaka chonse akhala akukumana sabata ndi sabata, kugula masheya, kubwerekana, kulipiritsana chindapusa wina akachedwa, ndipo tsopano kope latsegulidwa pamaso pa onse. Kukumveka nthungululu, kwinaku wina akupukuta misozi chifukwa ngongole yamudyera gawo lonse. Mayi wina wogulitsa tomato mumsika akuti zake wagawa patatu asanachoke pamkeka: feteleza wa kumunda kwawo ku Chiradzulu, fizi ya mwana, ndi mpamba wa geni. Za Khirisimasi ati mpunga ndi nkhuku imodzi zikwana. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayiwa anaphunzira kuwerengera tambala iliyonse, ndipo amadziwa kuti wodya zonse pa 25 Disembala, Januwale amakagogoda kwa akatapila. Ine ndikuona kuti mwa onse olonjeza m'tauni muno, awa ndi amene mapulani awo ali ndi miyendo, chifukwa pali anzawo owafunsa mlungu uliwonse.

Wa kabaza wina akufunsa za maphunziro a TEVETA, akufuna kuphunzira kuwotcherera zitsulo mawondo asanathe. Mtsikana wa m'saluni akuti alembanso MSCE, masamu okha ndi amene anamugwetsa, unamwino akuufunabe. Pa 31 usiku onsewa akadzaza matchalitchi, ena atalemba zofuna zawo papepala kuti aziwerenge chaka chikamalowa.

Pa bawo pali mkulu wina amene wakhala chete anzake akutchula za njinga zamoto ndi mapuloti. Atamukakamiza, wanena kuti iye pulani yake ndi imodzi: akufuna akalankhulane ndi mng'ono wake kumudzi ku Thyolo, amene anayambana naye chifukwa cha malire a munda, chimanga chisanache.

"Ndiye mukudikira chaka chatsopano chifukwa chiyani, akulu?" wafunsa mnzake. "Minibasi za ku Thyolo zikupakira ku Limbe mawa lomwe."

Bawo laima kaye, anthu ayamba kusonkha ya thiransipoti.