Chisanu chinandilowera kumsana

Ndinene poyambirira pomwe kuti palibe amene anandinamiza. Mkulu wina wa kuntchito kwathu ku Grand Rapids atanditenga kuti ndikaone ulenje wa agwape, umene kuno ku Michigan osaka ndi mfuti amauyamba pa 15 Novembala n'kuutseka pa 30, anandifunsa kawiri konse ngati ndili ndi tenti. Ndinayankha kuti ndili ndi hammock, kansalu kogonamo kokhala ngati machira, komangirira pa mitengo iwiri, n'kuwonjezera kuti ndine mwana wa ku Dedza, kuzizira ndinakula nako. Anandiyang'ana, n'kungoti, "Okay."

Tinawoloka mlatho wa Mackinac, n'kukamanga msasa m'nkhalango ya Hiawatha. Mtima wanga unali m'malo chifukwa pa sleeping bag yanga panalembedwa 20°F, kutanthauza pafupifupi -7°C, pamene usikuwo ankati kuzizira kungofika -2°C. Ndinakoka zingwe mpaka hammock inaima njo ngati chingwe choyanikapo zovala, ndinalowamo, m'mbali mwake munandifinya mapewa ngati nyemba m'khoko lake, ndipo pofika pakati pa usiku pachifuwa panali potentha bwinobwino koma msana ndi matako zili zii ngati nyama ya mufiriji, ndinatembenuka, ndinavala juzi yachiwiri, ndinakulunga mapazi m'jekete lalalanje lija alenje amavala, ndinapemphera, koma chisanu chinkangolowabe kuchokera pansi. Tenti ya mkulu uja inali pafupi pomwepo, ndinkamva ngakhale mkonono wake, koma manyazi anandigwira pakamwa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nthenga za m'chikwama chogonamo zimafunditsa chifukwa cha mpweya umene zimasunga zikafufuma. Ukazigonera zimaphwatalala, ndiye pakati pa iwe ndi mphepo pamangotsala kansalu kopyapyala. Pamsewu tinadutsa zikwangwani zochenjeza kuti mlatho umaundana msewu usanaundane, poti mphepo imauwomba pamwamba ndi pansi pomwe. Ndinaziwerenga, koma sindinaganize kuti usikuwo mlatho ndikhala ine.

Usiku wachiwiri ndinati ndapeza nzeru. Ndinatenga kamatiresi kopyapyala kamene kanali m'galimoto n'kukayala mkati. Kanali kochepa m'lifupi moti mapewa ndi zigongono zinatsala kunja, ndikati nditembenuke kankaterereka n'kutulukira m'mbali, ndikakabweza chikwama chinkapotana, pamene kanandikhudza panachita thukuta lomwe kenako linazizira, ndiye cha m'ma 3 koloko kunayamba kamvula kosakanikirana ndi sinowo, lona limene ndinalimanga m'mwamba kwambiri kuti ndiziona nyenyezi silinatchinge kanthu, madzi anatsetsereka ndi zingwe mpaka kumutu kwanga, nthenga zinanyowa n'kuundana m'timibulu, basi chofunda chonse chinatha ntchito.

M'mawa mwake zala zinakana kutseka zipi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Mkulu uja sanandiseke. Anaika mfuti pansi, anandivula zonyowa, anandilowetsa m'galimoto n'kuyatsa heater, n'kundimwetsa tiyi wa shuga wambiri. Anandiuza kuti umu ndi mmene hypothermia imayambira. Munthu amene anadikira chaka chathunthu kuti masiku amenewa afike anataya m'mawa wonse akundisamala ine. Mpaka lero ndikakumbukira, nkhope imagwa.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Chaka chotsatira ndinagula underquilt, chofunda chimene chimapachikidwa kunja, kunsi kwa hammock, kumene thupi silingachiphwanye. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, bwanji osakayesa kaye kuseri kwa nyumbaku, kuti zikavuta mungolowa?" Ndinati palibe chovuta, ndaonera kale pa YouTube. Kutchire ndinachimanga molekerera, pakati panatsala mpata wolowa chibakera, ndipo mphepo inkadutsamo usiku wonse. Nditadzuka ndi tochi pakamwa n'kuchikoka mwaukali, ndinachithinitsa mpaka nthenga zinaphwatalala, ndipo ndinabwerera pomwe ndinayambira chaka chatha, kungoti tsopano nditawononga ndalama zambiri.

Kutacha ndinapita pa tenti ya mkulu uja n'kunena mawu amene anandikanika kwa chaka chathunthu: "Chonde ndithandizeni, sindikudziwa." Sizinatenge mphindi 15. Anamasula zingwe kuti zitsike mopendekera, pafupifupi madigiri 30. Anandiuza kuti ndigone mopingasa pang'ono, mutu mbali ino mapazi mbali inayo, ndipo msana unawongoka. Ndili chigonere, analowetsa dzanja pakati pa hammock ndi underquilt, akukoka timphira ta kumapeto pang'onopang'ono mpaka mpata unatsekeka koma nthenga zili zofufumabe. Lona analitsitsa kumbali yochokera mphepo, pa zingwe anamangapo tizingwe tolendewera kuti madzi azidonthera pansi, kenako analoza m'mwamba: ndinali nditagona pansi pa nthambi youma, yaikulu ngati ntchafu. Tinasamuka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya zaka ziwiri zotsatizana. Gwape sindinaphebe ngakhale mmodzi. Koma usiku umenewo ndinamva kutentha kukukwera kumsana pang'onopang'ono, ndipo ndinagona mpaka mkulu uja anachita kundigwedeza phazi kuti kwacha.