Mlonda wa Wezulo Alankhulapo za Thumba la Boma

Chaka ndi chaka, Nduna ya Zachuma ikanyamula chikwama chake kukalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukawerenga ndondomeko ya chuma imene masiku ano iyamba kugwira ntchito pa 1 April, ine, amene ndondomeko ya m'nyumba mwanga imafa mwezi usanafike pakati, ndimatchera khutu ku wailesi monga munthu amene adzafunsidwa nzeru. Pakuti ndine wa gulu la chitetezo cha m'dera lathu, ndipo zida zanga zonse za nkhondo ndizo wezulo, chibonga, ndi tochi yobwereka mabatire ku wailesi yomweyo.

Magulu otere anayamba m'dziko muno mu 1997, kuti anthu wamba athandizane ndi apolisi, amene ali owerengeka. Kalembera wa 2018 anatipeza tilipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo chiyambire pamenepo sitinaleke kubalana, ntchito imene inenso, ndinene mosadzitama, ndaigwira mokhulupirika. Kotero kuti sukulu za polisi za ku Kanjedza, ku Mtakataka ndi ku Mlangeni, ngakhale zitaphunzitsa usana ndi usiku, sizingapikisane ndi zipinda za amayi oyembekezera. Pa unyamata wanga ndinalakalakanso kuvala yunifomu, koma olemba ntchito amafuna satifiketi ya MSCE, msinkhu ndi liwiro, pamene msinkhu wanga unakulira cham'mbali, ndipo liwiro limandifikira pokhapokha galu akatuluka pa geti.

Chifukwa chake ndikamva kuti boma lilemba apolisi atsopano ndimaomba m'manja koposa onse. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wapolisi safika yekha: amafika ndi mapazi ofuna nsapato, ndi banja lofuna denga, ndi malipiro a mwezi ndi mwezi kufikira tsiku lopuma ntchito, ndiponso galimoto imene siyenda ndi lumbiro. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yolembedwa m'buku inakhala yomweyo, koma malita a mafuta amene ikadagula anachepa. Ndipo ndani mwa inu, owerenga anga, sanamvepo mawu aja akuti galimoto ilipo koma mafuta palibe? Pamenepo munthu woberedwa mbuzi, pofuna chilungamo, amalipira kabaza wa wapolisi popita, ndipo pobwerera, taonani, amalipiranso kabaza wa mbala, imene ikhala pampando wa wofowofo niyang'ana dziko, mwini mbuzi akutsatira pambuyo wapansi, thukuta kamukamu. Polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa mu 1921, masiku a Nyasaland, msilikali akuyenda pansi. Papita zaka zoposa 100, ndipo mdzukulu wake nthawi zambiri ayendabe chimodzimodzi.

Za nyumba ndinene pang'ono. Boma linalonjeza kumangira achitetezo nyumba 10,000, ndipo kufikira zonse zitatha, apolisi ambiri akhala m'nyumba za lendi pakati pathu. Tsono wapolisi adzamanga bwanji mwana wa landilodi iye ali ndi ngongole ya lendi kwa atate wake?

Amake ana, amene lilime lawo silidziwa ulemu woyenera mlonda, amandikumbutsa kuti ndalama zonsezi zichokera ku msonkho, ndi kuti ine wofuula kuti apolisi achuluke ndine yemweyo wonyinyirika pa mtengo wa shuga ndi sopo. Ndimawayankha kuti nkhani za boma n'zakuya, ndi kutuluka panja.

Tsono inu olemekezeka aphungu, lembani anyamata ndi atsikana athu ntchito, pakuti ofuna alipo ochuluka; koma pambali pa dzina lililonse muikepo nsapato, nyumba ndi mafuta, ndipo ndalamazo mukazivomereza muzilondole kuchoka ku likulu la ku Area 30 kufikira zitalowa pa kapolisi ka kumudzi.