Mphamba zabwera, anapiye avala yunifolomu

Ogasiti akangolowa mphamba zimayamba kuzungulira mumlengalenga, ndipo chaka chino pachigayo anthu aiwala za mtengo wa shuga, nkhani ndi ya anapiye. Mayi wina akuti thadzi lake linaswa anapiye 12, pano atsala asanu. Tsiku lina akuchapa anangomva thadzi likukuwa, potembenuka n'kuona chithunzithunzi chikudutsa padimba la mpiru. “Amwali, ndinaigenda ndi sopo,” anatero mayiyo, “sopoyo n'kugwera m'ngalande.”

Kumjigo nzeru yomwe yatchuka ndi yopaka anapiye GV, mankhwala a pabala a mtundu wa pepo aja, akuti mbalameyo ikawaona imasokonezeka. Ukadutsa m'makwalala masiku ano ukumana ndi anapiye ofanana zovala ngati kwaya ya amayi.

Bambo wina wopuma pa uphunzitsi sakuzimva zimenezo. Iwo akuti mbalame yoona mbewa ili kutali m'mwamba muja, utoto ungainamize bwanji? Komanso akuti mbava yeniyeni ndi kabawi, yemwe sazungulira poyera. Amabisala mumtengo wa mango, zii, thadzi likangotayilira n'kuwomba kamodzi. Mphamba ya mchira wa mphanda ija imasenza milandu yonse chifukwa imaonekera, chonsecho tsiku lambiri imathera kumsika kutola zotaya za kubutchala, mvula ikagwa n'kumawakha ngumbi.

Apa ndikugwirizana nawo aphunzitsiwo pang'ono, makamaka nditamva za anyamata a kabaza. Akuti pakhomo pena panasowa tambala wathunthu usiku, eni ake n'kunena kuti ndi mphamba. “Achimwene, mphamba yake iti youluka usiku, kutsegula chitseko cha khola n'kutsekanso bwinobwino?” M'mawa mwake, akuti, nyumba yachitatu kuchokera pamenepo kunkamveka kafungo ka anyezi ndi tomato kosagwirizana ndi tsiku la mwezi.

Womvetsa chisoni ndi kadzidzi. Anatera padenga lina Lachiwiri, banja lonse silinagone, ena kupemphera, ena kumuponyera chikuni chamoto, pomwe iye anabwerera makoswe omwe akutha chimanga m'matumba. Nkhwazi nayo imakwatula nsomba masana dzuwa likuswa mtengo, koma ili pamwamba penipeni pa chizindikiro cha boma la Malawi.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pa aphunzitsi aja. Anapiye awo onse ndi a pepo. Akuti anapaka ndi mayi akunyumba, iwo atapita kukameta.