Kodi Madziwa Amathera Pati?

Mu 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chomwecho nyanja ya Malawi inasefukira mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Akuluakulu, mundipirire ngati ndikufunsa zachibwana, koma chimanga chimafota bwanji m'dziko limene madzi akuthamangitsa anthu m'nyumba?

Alangizi akuti madzi sakwera mtunda. Nyanja ili kumunsi, minda ili pamwamba, ndiye pamafunika pampu, ndipo pampu imadya dizilo kapena magetsi. Chabwino. Nanga mathiredo pampu aja anagawidwa m'midzi? Amenewo akuti amadya miyendo. Wopalasa akatopa, madzi aima. Tsono rabala wam'kati akatha amagula kuti? Apa alangizi anayang'ana foni yawo.

Ndiye anzeru akuti njira yabwino ndi kupatutsa mtsinje pamalo okwera kuti madzi azidziyendera okha. Ndi zimene akuchita pa Kapichira, pomwe akukumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire kupita ku minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mahekitala opitirira 40,000. Sikimu ya Bwanje imamwa mu Namikokwe mwa njira yomweyo, monganso masikimu akale a mpunga a Likangala, Domasi ndi Limphasa. Izi ndazimva bwinobwino.

Chondizunguza mutu chili m'kati mwa sikimumo. Madzi amalowa pa geti, n'kuyenda m'ngalande ya simenti, kenaka n'kugawikana m'tingalande ta dothi topita m'minda. Ndalama ya madzi aliyense amasonkha. Koma tayendani kuyambira pa geti mpaka kumapeto mwezi wa Okutobala. Kumtunda mpunga ukusambira, achule akuimba masana. Kumunsi nthaka yang'aluka, mbande zafiira nsonga. Madzi aja analowa pa geti athera pati?

Akuti ena amalowa pansi, ena amathawira m'ming'alu ya simenti ndi m'mauna a nkhanu, ena amatsakamira mu udzu ndi mchenga. Ndavomera. Nanga thunthu la nthochi limene limapezeka m'mamawa litapingasa m'ngalande, pafupi penipeni ndi munda wa munthu, nalonso anabweretsa ndi nkhanu? Nanga pakhoma la ngalande pomwe pagumuka mooneka mano a khasu?

Akuti pali komiti ya madzi, pali ndandanda wa masiku, Lolemba awa, Lachiwiri awo, ndipo wakuba madzi amalipira chindapusa. Ndi zabwino kwambiri zimenezo. Ndingofunsako pang'ono: munda wa apampando uli chakumtunda kapena chakumunsi? Sindikunena kanthu ayi, ndikungofunsa.

Palinso tsiku lochotsa matope m'ngalande. Amene amalawirira ndi mafosholo, n'kulowa m'thope mpaka m'mawondo, ambiri amakhala akumunsi, chifukwa ngalande ikatsekeka iwo ndiwo oyamba kulira. Wakumtunda madzi amamupeza ndithu, kaya ngalande ndi yoyera kaya ndi thengo. Tsono wolambula njira ya madzi ndiye azimwa pomalizira? Ndipo ngalandeyo mwini wake ndani? Ukafunsa nthawi yothirira aliyense akuti ndi yathu. Ukafunsa simenti ikagumuka akuti ndi ya boma, enanso akuti dikirani abwere aja anaimanga.

Wina anandiuza kuti mankhwala ake ndi mapaipi okwirira pansi: sataya madzi, samera udzu, khasu siliwapeza msanga. Ndinakondwa. Kenaka anawonjeza kuti ndi odula, ndipo matope akatseka m'kati suona pamene patsekeka. Ngalande ikadwala imaonekera poyera, mwana yemwe angathe kuloza. Nanga paipi ya pansi pa nthaka ikatsekeka mpunga uli ndi pakati, akumbe ndani, ndipo ayambire m'munda mwa yani?