Unkhoswe wa pulinta ya ku Joni

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mnyamata wopulinta pa Nsanama pano amakweza mtengo wa pepala nthawi iliyonse akandiona ndikubwera. Ndinalumbira kuti ndigula yanga. Kugula kwake kunali kulirira mphwanga wa ku Joni, ndipo anatumizadi pulinta, yopanda chingwe. Akuti imalankhulana ndi kompyuta kudzera mumphepo.

Kuno n'kwa chikamwini. Ndiye pulinta inafika ngati mkamwini, kompyuta ndi mwana wa pakhomo, ine nkhoswe.

Mwambo wake ndi woti onse awiri alowe pa Wi-Fi imodzi. Ndinayatsa hotspot pa foni. Mkaziyo analowa msanga, koma mkamwini anati sakuona khomo. Mphwanga anandiuza pa WhatsApp kuti mapulinta ambiri amamva 2.4 GHz yokha, ine ndinali nditatsegula 5. Unkhoswe wanga wonse ndinali ndisanamvepo banja lokanirana manambala.

Kenako mkaziyo anafuna driver. Ndinatsala pang'ono kuitana wa kabaza. Driver uja anadya bandulo yonse, nafera pa 93 peresenti.

Tsiku lachitatu anagwirizana. Mayi a kunyumba analuluta. Ndisanapulinte kanthu magetsi anathima, ndipo atayaka mkamwini anali atasintha IP address, ngati munthu wothawa ngongole. Kompyuta inangoti "offline". Offline bwanji, ali pa tebulo pomwepo, nyale yake ikuphethira, akundiyang'ana? Ndinazimitsa onse awiri n'kuyatsanso, monga timachitira ankhoswe nzeru zikatithera: gonani kaye, tikambirana mawa.

Chimandiwawa n'china. Maofesi akuti zonse tsopano zili pa intaneti, koma ukafika pawindo akufuna fomu yopulinta ndi fotokope ya chitupa. Mayi woyenda pansi kuchokera kumudzi amasiya ndalama ya ndiwo pa makina a fotokope kuti atsimikize dzina lomwe lili kale m'kompyuta yawo. Pamenepa sindiseka.

Mapeto ake ndinakwera minibasi kupita ku Liwonde kukagula chingwe cha USB. Ndinawamanga pamodzi, ukwati wokakamiza. Mkamwini anatsokomola, nalavula pepala limodzi loyesera lomwe palibe anamutuma, kenako n'kunena kuti inki yatha.

Dzulo ndinabwerera kwa mnyamata uja. Anandiyang'ana n'kumwetulira: "Madala, mwasowatu." Wakwezanso.