Ulemu kwa a Chikanga, Alendo Osatsanzika a kwa Nthalire

Dziko lino limadziwa kutamanda. Tatamanda nyanja, tatamanda chambo, tatamanda mbidzi ndi maluwa a pa Nyika mpaka azungu kumakwera ndege kudzaona. Andale nawo ali ndi amayi owavinira ndi anyamata odzipaka penti. Koma alipo akuluakulu ena amene atumikira anthu a kwa Nthalire usana ndi usiku, popanda alawansi, popanda galimoto ya boma, ndipo palibe anawaomberapo m'manja. Ndikunena a Chikanga, aja madokotala amawatcha eczema. Lero ndi tsiku lawo. Amene manja ake sakutanganidwa ndi kukanda, aombe nawo.

Tiyambe ndi kukhulupirika kwawo. Aliyense amene anakwerapo matola kuchoka pa Boma la Chitipa kudzera ku Wenya, kapena kuchokera ku Rumphi kudutsa m'nkhalango ya Nyika, amadziwa kuti kufika kwa Nthalire n'kudzipereka. Msewu wa phula wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa wakhala ndiwo zodyera kampeni chisankho ndi chisankho. Pamene boma la Bingu wa Mutharika linkasankha Nthalire, pamodzi ndi Nambuma ku Dowa ndi Neno, kuti akhale malo oyambirira a chitukuko cha matauni a m'midzi, a Chikanga n'kuti atafika kalekale, atakhazikika. Iwowa sadikira phula, sadikira mlatho, satitimira m'matope. Mu June ndi July, mphepo yozizira ndi youma ikamatsika kuchokera pamwamba pa Nyika, pomwe phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600, khungu la ana limayamba kutuwa, ndipo a Chikanga amati odi. Mu October, fumbi ndi thukuta zikagwirizana, amabweranso kudzaona ngati tili bwino. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anali asanakumane ndi awa.

Chachiwiri ndi ulemu wawo. Pali anthu amwano amene amawasokoneza ndi mphere, ndipo uku n'kuwanyoza. Mphere ndi kachilombo kosaleredwa bwino, kamene kamakumba khungu pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno, n'kumalumpha kuchoka pa mphasa ino kupita pa iyo mpaka nyumba yonse, ngakhale hositelo yonse ya sukulu, ikukanda pamodzi. Khalidwe lake linafika poti mu 2017 bungwe la World Health Organization linakalemba m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo kukachotsa pamafunika banja lonse lidzole mankhwala monga benzyl benzoate, zovala ndi zofunda zichapidwe. Zipere nazo ndi mafangasi oyenda ndi lumo ndi chipeso. A Chikanga sachita zauchitsiru zoterozo. Sapatsirana. Mutha kugona bulangete limodzi ndi mwini wake, kudyera mbale imodzi, iwo sadzakuyang'anani n'komwe. Amasankha munthu wawo, kawirikawiri akadali khanda, ndipo amasankhanso mipando: masaya a mwana woyamwa, kenako mkati mwa chigongono, kuseri kwa bondo ndi m'khosi. Pa khungu lathu lakudali sachita kufiira ngati m'zithunzi za m'mabuku a ku Ulaya. Amatuwa, amada, amakhakhala, ndipo pamene pakandidwa zaka pamakhuthala. M'maiko ena mwana mmodzi mwa asanu aliwonse amawachereza.

Ndi a banja lodziwika. Kumene kuli iwo, mukafunsa bwino, mupeza kuti wina pa mtundupo ali ndi mphumu, wina amayetsemula fumbi likangodutsa. Malowedwe awo ndi anzeru. Khungu la munthu lili ngati khoma la njerwa: timaselo ndi njerwa, mafuta achilengedwe ndi dothi lomangira. Dothilo likachepa, madzi a m'thupi amathawira kunja, pamene fumbi, sopo ndi tizilombo zimalowa m'ming'alu, ndipo chitetezo cha thupi chimadzuka ndi ukali woposa mlandu wake. Mu 2006 akatswiri a pa yunivesite ya Dundee ku Scotland anapeza kuti anthu ambiri a chikanga anabadwa ndi vuto pa puloteni ya pakhungu yotchedwa filaggrin. Vuto limenelo limapezeka kwambiri mwa azungu ndi anthu a ku Asia kuposa mwa ife, zomwe zikungosonyeza kuti a Chikanga ali ndi makomo ambiri olowera.

Nanga ulonda wawo? Pitani pa nyumba imene ali, usiku wa July, moto utazilala. Agalu agona, koma m'nyumbamo mukumveka kwakwa, kwakwa, kwakwa. Ndi kamwana ka zaka zitatu, maso ali chitsinzire, zikhadabo zikugwira ganyu kuseri kwa bondo. Mayi ake akudzuka, akukagwira manja. “Iwe, leka kukanda, utuluka magazi.” Kakuleka kwa mphindi imodzi, kenako kakuyamba kukhuza mwendo pa mphasa. Akukaveka masokosi a bambo ake m'manja, iko kakuwavula ndi mano. Kukacha, pa chitenje pali timadontho ta magazi, mayi maso ali psuu. Wakuba uti angalowe m'nyumba yotere? Komanso tisaiwale mphatso yomwe amapereka kwaulere: kukoma kwa kukanda. Ndi chisangalalo chokhacho chimene kukwera mitengo kwa zinthu sikunachikhudze. Ukakanda pamayabwa, pakayabwa umakanda, ndipo ntchito siitha. Palibe pulojekiti ina m'boma la Chitipa imene imadziyendetsa yokha chotere.

Pa maphunziro ndiye musanene. Kuti munthu akhale katswiri wa khungu amafunika zaka, ndipo ena mwa azachipatala athu amakaphunzira ku Moshi, ku Tanzania, pa sukulu ya matenda a khungu yomwe inatsegulidwa mu 1992. A Chikanga amapereka digiri tsiku limodzi, pa mjigo. Mayi angotsitsa mwana kumbuyo, masaya aonekere, madokotala asonkhana. Wina akuti wiritsani masamba a nimu mumusambitse. Wina akuti ayi, alovera. Wina akuti chammwamba, m'phala ndi pakhungu pomwe. Agogo akuti kale tinkadzola mafuta a nsatsi ndipo zoterezi kunalibe. Mlamu wobwera ku Joni watulutsa kabotolo kopanda dzina. Mnyamata wa kabaza akulumbira kuti msuweni wake anachira ndi mafuta a mabuleki. Wina akusinja adyo, amene amawotcha khungu mpaka matuza, wina akufinya mandimu pa bala. Zikakanika zonsezi, pamapezeka wonong'ona kuti zimenezi si zachabe, alipo akumudziwa mwanayu, ndipo asing'anga amalandira nkhuku yawo, mwana n'kulandira mphini. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma onani chuma chimene chayenda m'mudzi chifukwa cha mlendo mmodzi.

Ntchito yawo yaikulu koposa, imene iyenera mendulo, ili m'mbale. A Chikanga ndi okhawo amene angakhazikitse lamulo la zakudya m'banja popanda wotsutsa. Apongozi amayang'ana mdzukulu, n'kugamula: “Mkamwana, mwanayu mwamuzoloweza mazira. Asiye.” Mazira aletsedwa. Sabata yamawa akukandabe, ndiye kuti ndi nsinjiro. Mtedza waletsedwa. Kenako mkaka, kenako usipa, kenako nyama ya nkhumba, kenako nyemba. Pomafika mwezi wachitatu mwana watsala ndi nsima ndi mpiru wowiritsa ndi mchere, ndipo akukanda monga kale, kungoti tsopano akukanda ndi njala. Nkhuku nazo sizinauzidwe za lamuloli, zikuikirabe. Mazira aja amapita kuti? Funsani adada a pa nyumbapo, amene masiku ano akuoneka osalala.

Anthu ansanje, ofuna kuwalanda a Chikanga ulemerero umenewu, amati chakudya si ndicho gwero la matendawa. Amavomera kuti alipo ana ena, makamaka aang'ono a chikanga chachikulu, amene thupi lawo limadanadi ndi dzira, mkaka wa ng'ombe kapena mtedza, ndipo amati zimenezo sizibisika: mwana akangodya, posakhalitsa ziwengo zabuka, milomo yatupa, akusanza kapena akubanika, ndipo ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala. Koma kumana mwana zakudya mongoganizira, amati, n'kulanga wosalakwa. Mu 2008 gulu la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 9 wa kusala zakudya ndipo silinapeze phindu looneka, kupatula mwina kwa makanda amene anali ndi umboni woti amadana ndi dzira. Mu 2015 gulu la Gideon Lack ku London linatulutsa zotsatira za makanda 640 a chikanga chachikulu kapena odana ndi dzira: atawayeza kaye, ena anayamba kuwadyetsa zamtedza akadali aang'ono, ena anawamana. Odyetsedwa aja ndi amene anapulumuka. Kudana ndi mtedza kunachepa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ndiye kuti phala la nsinjiro lija agogo analetsa linali kumbali ya mwana.

Ansanjewo sathera pomwepo. Amakumbutsa kuti kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo amafunsa ngati dziko lotere lili ndi mazira otaya. Amakumbutsanso za 1990, pamene anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique, m'chigawo cha kummwera cha dziko lino, anadwala pellagra, matenda osupula khungu pamene pamawomba dzuwa, chifukwa mtedza unasowa pa chakudya chomwe ankalandira n'kutsala akudalira chimanga. Ine ndikuti umenewu ndi umboni wa mtima wabwino wa a Chikanga. Sakonda kudya okha. Mukamana mwana mtedza, usipa ndi nyemba chifukwa cha iwo, amaitana anzawo kuti adzakhale nawo pa khungu lomwelo.

Munthu wamkulu salephera kukhala ndi adani, ndipo ndiyenera kuwatchula kuti muwapewe. Woopsa kwambiri ndi kabotolo ka Vaseline, kaja kamapezeka m'kagolosale kalikonse pa Nthalire, komwe Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872. Kalibe fungo, kalibe mbiri ya ku Joni, palibe amakaloseredwa m'maloto. Koma mayi akamusambitsa mwana ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, mwachangu, osamukhula ndi chinkhupule kapena sopo wochapira zovala, n'kumupukuta mongogunditsa nsalu, n'kumudzoza mafutawo khungu likadali lonyowa, m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku ngakhale pamene pakuoneka kuti papola, ming'alu ija imatsekeka ndipo alendo athu amasowa polowera. Ndi nkhanza zosaneneka. Akawonjeza kuwenga zikhadabo, kuveka mwana malaya a thonje mkati mwa juzi yoyabwa ija, kutsukuluza bwino zovala ndi kumukhazika patali pang'ono ndi moto ndi utsi, ndiye kuti wawapitikitsa masana dzuwa likuswa mtengo.

Ngakhale zachilengedwe zina zawagulitsa. Akatswiri a ku Sheffield mu 2013 anapeza kuti mafuta a mpendadzuwa, mbewu yomwe timalima tokha, amasunga khungu bwino, pamene mafuta odula a olivi amalifooketsa. Ku Philippines, kafukufuku wa 2014 pa ana anasonyeza kuti mafuta a kokonati osayengedwa amathandiza. Uchi wa alimi a njuchi a m'mphepete mwa Nyika ndi wabwino, koma malo ake abwino ndi m'phala la mwana amene wakwanitsa chaka. Khanda losafika chaka silipatsidwa uchi. Ndipo zikabuka mwamphamvu, pa chipatala cha Nthalire kapena cha Boma pali mdani wina wakale, hydrocortisone, amene madokotala anayamba kupaka pakhungu mu 1952. Wopakidwa mopyapyala pa malo odwala okha, kwa masiku amene adokotala anena, amazimitsa ukali uja. Musamusokoneze ndi makirimu amphamvu oyeretsa khungu a pa msika, amene amapyapyalitsa khungu ndipo mukawasiya a Chikanga amabwerera ndi abale awo. Pakatuluka mafinya, nkhanambo zachikasu, kapena mwana akatentha thupi, ndiye kuti mabakiteriya alowerera, ndipo imeneyo si nkhani ya pa mjigo ayi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ana ambiri akamakula a Chikanga amayamba kuwachezera mwa apo ndi apo, ena kuwasiyiratu, popanda wowaperekeza ngakhale pa mphambano. Choncho ndikupempha mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka a Nthalire eni ake, kuti akuluakuluwa apatsidwe ulemu wawo akadali pakati pathu. Amayi apitirize kufunsa nzeru kwa aliyense kupatula azachipatala. Kabotolo kaja kabisidwe pansi pa sutikesi, kazituluka pa Khirisimasi pokha. Ndipo koposa zonse, pasapezeke wobweza dzira m'mbale ya mwana. Mukanyozera pempho langali mwana adzanenepa, khungu lidzasalala, nyumba idzagona tulo, ndipo adada adzabwerera ku mpiru. Yewo chomene, a Chikanga. Alipo mmodzi pa nyumbapo amene adzakusoweni ndi mtima wonse.