Make woponya mabomba, mwana wopereka tiyi

Pa 1 June 2025, ife kuno ku Dedza tili kalikiliki kufunafuna majuzi, Ukraine inatumiza madironi obisidwa m'malole kukaotcha ndege zankhondo za Russia zili chiimire pabwalo. Zina mwa zomwe zinapsa ndi za mtundu wa Tu-95, chindege choponya mabomba chomwe chinayamba kuuluka mu 1952. Gogo ameneyu, amene mpaka lero akugwetsa nyumba za anthu, anabereka mwana wofatsa zedi, ndipo mwambi uja wakuti make mbuu mwana mbuu wandisowetsa mtendere.

Mwanayo anabadwa chifukwa cha manyazi. Mu 1955 Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, anapita kumsonkhano ku Geneva pa kandege ka mainjini awiri, anzake a ku America ndi ku Ulaya atatera ndi zindege za mainjini anayi. Zinamuwawa. Andrei Tupolev, mmisiri wa ndege, sanavutike kuyamba zatsopano: anatenga mapiko, miyendo ndi mainjini a Tu-95, n'kuikapo thupi lonenepa lokwana anthu 170 kapena kuposerapo. Mwanayu, Tu-114, anauluka koyamba pa 15 November 1957. Pomwe make amasunga mabomba, mwana anaikapo khitchini ndi wophika wake. Munali matebulo odyerapo, munali ndi mabedi. Ankhoswe a ku Bembeke, amene amayamba afufuza khalidwe la apongozi asanalole mbeta, apa akanagwa nayo.

Koma magazi sanama. Mwana anatengera miyendo ya make, yaitali mwakuti chitseko chinali pafupifupi mamita 5 kuchokera pansi, ndipo pamabwalo ena masitepe otsikira ankaperewera. Anatengeranso pakamwa. Injini iliyonse inali ndi mapulopela awiri, ina kuzungulira uku ina uko, ndipo phokoso lake linali ngati kukhala m'chigayo cha dizilo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwini chigayo akukufunsa ngati uwonjezera shuga. Liwiro nalonso linali la kwawo, makilomita 870 pa ola. Kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi mphindi 6, kondakitala asanayambe n'komwe kukana kubweza chenji.

Mu September 1959 Khrushchev anakwaniritsa khumbo lake, anakwera ndegeyi kupita ku Washington. Amisiri anali atapeza timing'alu ndipo ena ankamuletsa, iye osamva. Anandandalika sitima m'nyanja ya Atlantic kuti zikatole anthu zinthu zikavuta, ndipo Tupolev anakweza mwana wake weniweni, Aleksei, kuti aliyense aone kuti bambo akuikhulupirira ntchito yake. Ine ndikanakonda lamulo limeneli litafika kuno, kuti makanika akakonza mabuleki a minibasi yotsika ku Golomoti, mwana wake azikhala mpando wakutsogolo.

Kuyambira 1961 kampani ya ndege ya Aeroflot inkanyamula anthu pa Tu-114 kupita ku Khabarovsk, kenako ku Havana, ku Tokyo. Mu Africa inkatera ku Conakry ndi ku Accra. Kuno Kamuzu sankafuna ngakhale fungo la chikomyunizimu, koma tisadziyese oyera: Vickers Viking ya Central African Airways yomwe inkatera pa Chileka inali mwana wa Wellington, ndege yoponya mabomba ya Angelezi.

Pazaka zonse zimene Tu-114 inanyamula anthu, ngozi yopha anthu inali imodzi yokha, mu February 1966, pomwe ndege yopita ku Brazzaville inagunda mulu wa chipale chofewa ponyamuka ku Moscow, n'kufa anthu 21. Mwana wakhalidwe chonchi anamupumitsa ntchito mu 1976, ati Il-62 ya jeti ndiyo yamakono. Ndege za Tu-114 anapanga 32 zokha, ndipo zotsala zikuchita dzimbiri kumalo osungirako zakale monga ku Monino. Make yekha sanamuuze kuti wakalamba. Amugulira mizinga yatsopano, ndipo akufuna agwire ntchito mpaka cha m'ma 2040. Apa ine kuseka kumandithera.

Ndipotu Tu-114 nayo inabereka. Anatenga thupi lake, n'kuchotsa mabedi ndi mapoto, n'kuisenzetsa chimbale cha radar pamsana, dzina lake Tu-126. Mdzukulu analowa usilikali.